Buku likuti ndapindula, koma mashelefu akupepuka. Power BI ingandithandize?

Hadiweya_Limbe
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe: misomali, penti, maloko, mapaipi, ndi malata pang'ono. Mwezi ukatha ndikaphatikiza za m'buku, zimaonetsa kuti ndapindula ndithu. Koma ndikapita kukaoda, ndalama yomweyo ikugula katundu wochepa kuposa ulendo wapita, ndipo mashelefu akunka napepuka. Mwana wa mlongo wanga amene ali ku MUBAS akuti ndisiye buku, ndigule laputopu, andiikire pulogalamu yotchedwa Power BI, ati ndizidzaona bizinesi yonse pa dashboard, tsamba limodzi loonetsa manambala a bizinesi pa zithunzi, n'kumakonza bajeti ya chaka ndili phee. Alipo mwa inu amene akugwiritsa ntchito zimenezi? Kapena n'za makampani akuluakulu a ku Makata ndi Ginnery Corner, ife a m'mashopu sizikutikhudza?

Ndirande_Boy
Madala, musataye ndalama pa laputopu. Wina akukuberani basi. Yang'anitsitsani anyamata anuwo.

Mayi_Zitenje
Iii a Ndirande_Boy, mwagamula kale mlandu musanamve mboni? Inenso zomwezi zikundichitikira, chonsecho pa shopu ndimakhalapo ndekha kuyambira m'mawa mpaka kutseka. Ndiye kuti ndikudzibera ndekha?

Kalaliki_wa_Manambala
Bambo a Hadiweya, buku lanu silikunama. Kungoti limachotsa mtengo umene munagulira pa mtengo umene mwagulitsira, n'kulekera pomwepo. Silifunsa ngati ndalama yalowayo ingabwezeretse katundu yemweyo pa shelefu lero.

Titenge za mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700. Tiyerekeze loko imene kunja imagulidwa madola 10. Kwacha isanagwe inakudyerani K11,800. Mwaikapo 25 peresenti yanu, mwagulitsa K14,750. M'buku mwalemba phindu la K2,950, mtima uli m'malo. Koma kuti muode loko ina yonga yomweyo pakufunika K17,000, ndiye mukuperewera K2,250, tisanawerenge n'komwe thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata cha Mwanza. Mukagulitsa maloko 100 mupeza K1,475,000, ndipo ndalama imeneyo ikugula maloko 86 okha. Maloko 14 asowa popanda wakuba. Kumbukiraninso kuti mu Meyi 2022 kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti, ndiye amene amaika mitengo poyang'ana risiti yakale anamenyedwa kawiri.

Choyamba kuchita, kaya pa kompyuta kaya m'buku lomwelo: pambali pa mtengo wogulira, onjezani mzere wa mtengo woodera lero. Phindu muziliwerengera pa mzere wachiwiriwo. Ndipo mpamba wanu muziuwerenga m'makatoni, m'zitini ndi m'malata, osati m'makwacha okha.

Hadiweya_Limbe
Masamuwo ndawamva akulu, ndipo andilasa. Koma mukudziwa mmene ilili Limbe. Mashopu ali khomo ndi khomo. Ndikangokweza mtengo pa katundu wakale, kasitomala awoloka msewu, akagula kwa mnzanga.

Mayi_Zitenje
Ndipo amabwera ndi mawu akuti "mayi, si dzana lomweli munanditchulira mtengo wina?" Nkhope yake ngati wakugwira ukuba.

Kalaliki_wa_Manambala
Apa ndi pamene manambala amathandiza tsopano. Si katundu yense amene anthu amayenda naye shopu ndi shopu kufunsa mtengo. Malata, simenti, penti wa malita 20, amenewo munthu amafunsa malo atatu asanatulutse ndalama. Koma mahinjesi, guluu wa mapaipi, bulashi, masikuluwu, amagula pomwe waima. Mukakhala ndi mndandanda wa zimene mwagulitsa miyezi ingapo, mumaona kuti ndi katundu uti amene mutakweza anthu anathawadi, ndi uti amene anapitiriza kutuluka ngati kale. Pa woyambayo mumapirira ndi phindu lochepa kuti anthu azilowabe, pa wachiwiriyo mumabweza. Mnzanu wa tsidya la msewu amene akugulitsa chilichonse pa mtengo wakale musamuchitire nsanje, dikirani muone shelefu yake ikadzafika nthawi yooda.

Mwana_wa_Poly
Ndiyankhuleko m'malo mwa mnzanga amene akunenedwayu, poti sali pagulu pano. Power BI si matsenga ayi. Ndi pulogalamu ya Microsoft imene imatenga manambala a mu Excel, a mu sitetimenti ya kubanki, kapena a m'mapulogalamu osungira mabuku a ndalama monga QuickBooks ndi Sage, n'kuwalumikiza, n'kuwaonetsa pa zithunzi. Mukadina pa "penti" mumaona mwezi umene amayenda, phindu lake, ndi amene watsala. Ya pa kompyuta imodzi ndi yaulere, koma imafuna Windows. Kulipira kumayamba mukafuna kuti anthu ena aziona malipotiwo pa intaneti, ndipo kulipirako n'kwa madola. Ilinso ina ya Google, Looker Studio, yaulere. Zimene amalume a Kalaliki afotokozazi dashboard ingazionetse tsiku lililonse popanda kuwerengera pamanja.

Chemwali_wa_Data
A Mwana_wa_Poly, zonse mwanenazo n'zoona, koma mwadumpha pamene pali ntchito yeniyeni. Ine ndimagwira mu ofesi ya zachuma pa kampani ina ku Makata, ndipo Power BI ndimaitsegula m'mawa uliwonse. Nthawi yanga yambiri sithera pa zithunzi zokongolazo. Imathera pochapa manambala.

Ndinathandizapo achimwene anga ena a golosale kulowetsa buku lawo mu Excel. Shuga yemweyo wa kilogalamu imodzi anali ndi mayina anayi: pena "shuga", pena "suga 1kg", pena "sugar", pena chilembo chimodzi chokha S, chimene tsiku lina chinkatanthauza sopo. Masamba ena anali opanda deti. Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zinkalowa mu foni yomwe amalandiriramo za chopereka cha maliro ndi zochokera kwa mwana wawo wa ku Johannesburg. Zoterezi mukaziika mu Power BI idzakujambulirani chithunzi chokongola kwambiri, cha bodza, ndipo mudzachikhulupirira chifukwa chatuluka mu kompyuta.

Bambo a Hadiweya, laputopu iyambe yadikira. Tsegulani Google Sheets, pulogalamu ya mizere yonga Excel, pa foni yanu yomweyo, kapena gulani buku latsopano mulembe mizere. Deti, dzina la katundu, kuchuluka, mtengo wogulitsira, mtengo woodera lero, ndi njira yolipirira: kashi, foni, banki kapena ngongole. Katundu aliyense akhale ndi dzina limodzi, lolembedwa mofanana tsiku lililonse. Nambala ya foni ya shopu ikhale yosiyana ndi ya kunyumba. Mukachita zimenezi miyezi itatu osadumphitsa, pivot table ya mu Excel, chida chophatikizira manambala m'magulumagulu, idzakuyankhani mafunso ambiri amene muli nawo. Power BI idzabwere mukadzakhala ndi shopu yachiwiri.

Gogo_wa_Bangwe
Ana inu, masitolo akale a mu Limbe anamangidwa ndi buku ndi pensulo ya pakhutu. Mwini sitolo ankadziwa pamtima katoni iliyonse. Lero mukufuna foni ikuuzeni kuti mwezi wa Januwale kulibe ndalama? Zimenezo ngakhale mwana wa sitandade 5 akudziwa.

Mwana_wa_Poly
Agogo, masiku amenewo mtengo wa sopo unkakhala umodzimodzi chaka chonse. Pano mukaoda Lolemba, pofika Lachisanu zasintha. Mutu wa munthu sungasunge mitengo ya zinthu 300 imene ikusuntha sabata ndi sabata.

Gogo_wa_Bangwe
Mutu wanu inu, mwina.

Chemwali_wa_Data
Agogo akunena zoona pa Januwale, tonse tikudziwa kuti ndi mwezi wa fizi, feteleza ndi njala. Chimene mutu sutiuza ndi kukula kwa dzenjelo. Kodi malonda amatsika ndi theka, kapena ndi gawo limodzi mwa magawo atatu? Amayamba kutsika sabata iti, nanga amadzuka liti? Poti lendi, malipiro a anyamata ndi ngongole ya kubanki sizidziwa kuti kuli Januwale. Ukadziwa kukula kwa dzenje umadziwa ndalama yoti upatule mu Okutobala ndi Novembala, anthu akamathamangira malata mvula isanagwe.

Chinanso chimene chimapusitsa ambiri: kuyerekeza chaka chino ndi chatha m'makwacha. A NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba, amatulutsa chiwerengero cha kukwera mitengo kwa zinthu mwezi uliwonse, ndipo miyezi yambiri ya 2024 chinali pamwamba pa 30 peresenti. Ndiye ngati malonda anu anakwera ndi 20 peresenti m'chaka chotero, musaphe nkhuku. Gawani 120 ndi 130, mupeza kuti bizinesi yatsika ndi pafupifupi 8 peresenti. Ku ofesi kwathu lipoti lililonse limakhala ndi mizere iwiri, wa makwacha ndi wa kuchuluka kwa katundu amene watuluka pa geti. Mabwana amayamba kuyang'ana wachiwiriwo.

Mayi_Zitenje
Za nyengozi ine ndikuvomereza. Kwa ife a zitenje Khirisimasi yathu ndi pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Ndinkaoda mongoganizira, chaka china zitenje n'kutha tsikulo lisanafike, china n'kutsala nazo mulu mpaka Febuluwale. Mwana wanga wamkazi atandilembera za zaka ziwiri pa foni, tinaona kuti zimene zimathamanga sabata imeneyo ndi za mtengo wapakatikati, zoti munthu agule zitatu: cha amayi, cha apongozi, ndi cha azakhali amene anamulera. Zodula zija zimayenda nthawi ya maukwati ndi zinkhoswe. Pano ndimaoda mosiyanitsa.

Noma_Mpaka_Kale
Ku bala kwanga ku Zingwangwa sindifuna Excel. Ndimangoyang'ana kuti Manoma akusewera liti pa Kamuzu Stadium. Tikawina makireti amatha.

Maule_Weniweni
Ndiye kuti makireti anu amakhalitsa, achimwene. Muzioda poyang'ana masewero a Bullets ngati mukufuna bizinesi iyende.

Noma_Mpaka_Kale
A Maule mukawina mumagula botolo limodzi anthu anayi, phokoso lokhalokha mpaka m'bandakucha.

Ndirande_Boy
Kkkkk apa ndiye data yeniyeni yatuluka.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mpira zili ndi gulu lake. Tibwerere kwa bambo a Hadiweya.

Mpondamatiki_Wamawa
Ine nditsutsana nanu pang'ono akuluakulu owerengera. Mukuti tiziyang'ana katundu amene akuyenda ndi amene wagona. Koma m'dziko limene kwacha ikusungunuka chonchi, katundu wogona ndiye banki yabwino. Amene anali ndi malata mu sitolo usiku wa pa 8 Novembala 2023 anadzuka wolemera, amene anali ndi ndalama ku akaunti anadzuka wosauka. Ine ndalama ikangolowa ndimaisandutsa katundu tsiku lomwelo. Dashboard indiuza chiyani choposa pamenepa?

Kalaliki_wa_Manambala
A Mpondamatiki, theka la mfundo yanu ndi loona, ndipo ndi chifukwa chake ndinati mpamba tiziuwerenga m'makatoni. Koma pali mafunso awiri amene mwawalumpha. Katunduyo mwagula ndi ndalama ya ndani? Ngati ndi ya kubanki, kumbukirani kuti mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wamalonda wamba akamakongola amalipira kuposa pamenepo. Tiyerekeze 30 peresenti. Katundu wa K1,000,000 akagona chaka chonse wakudyerani K300,000, kapena kuti K25,000 mwezi uliwonse, ali chigonere pa shelefu. Mtengo wake ukapanda kukwera kuposa pamenepo, mwagwirira ntchito banki.

Lachiwiri, katundu wake uti? Malata ndi misomali zimadikira. Simenti ikakhalitsa, makamaka nthawi ya mvula, imauma n'kukhala mwala. Penti wa mtundu umene anthu anasiya kuukonda adzakhala pomwepo ngakhale dola ifike pati. Masamu ake ndi osavuta: tengani katundu amene muli naye, gawani ndi amene mumagulitsa pa tsiku. Mupeza masiku amene adzatenge kuti athe. Mukachita zimenezi pa chinthu chilichonse mudzadabwa kupeza kuti zina zikutha m'masiku 10 ndipo mumakhala mukubweza makasitomala, pamene zina zili ndi masiku 400. Ndalama imene yagona mu za masiku 400 ndi yomwe ikusowa pooda za masiku 10.

Mpondamatiki_Wamawa
Ine sindikongola kubanki, ndiye funso loyambalo silikundikhudza. Lachiwirilo ndalimva, koma ndikuonabe kuti bola penti wosayenda kusiyana ndi makwacha osungunuka.

Chemwali_wa_Data
Mpaka tsiku limene eni nyumba adzafune lendi, inu n'kuwapatsa chitini cha penti wobiriwira.

Wa_Pa_Kauntala
Pepani ndilowererepo ngati wantchito, poti pano payankhula mabwana okhaokha. Ndimagulitsa mu shopu ina mu tauni. Abwana anaika pulogalamu pa kompyuta, chilichonse timalowetsa, ndipo kumapeto kwa mwezi ikaonetsa kuti ndalama yaperewera amatidula pa malipiro. Koma iwo omwewo amabwera masana, kutsegula kabati, kutenga ya mafuta a galimoto, osalemba. Madamu amatuma mwana kudzatenga ya ndiwo, osalemba. Mlamu wawo amatenga katundu ati adzalipira, osalemba. Ndiye kompyuta imaona dzenje, koma sidziwa amene wakumba. A Ndirande_Boy aja anathamangira kunena kuti anyamata akuba. Musanagule Power BI, mabwana, yambani mwadzilemba nokha.

Mayi_Zitenje
Mwanangu, apa wanena zimene ambirife sitifuna kumva. Ya ndiwo ija imatuluka tsiku lililonse ndithu.

Kalaliki_wa_Manambala
A Wa_Pa_Kauntala alasa pamtima. Mwini shopu adziikire malipiro a pamwezi ngati wantchito wina aliyense, ndipo chilichonse chimene watenga pamwamba pa amenewo chilembedwe pa tsamba lakelake. Mashopu ambiri amene ndawaonera mabuku, tsamba limeneli likangoyamba kulembedwa, "wakuba" uja amapezeka kuti ndi amene ali ndi makiyi.

Hadiweya_Limbe
Ndikuwerenga zonse, musaone kuti ndathawa. Pali china chimene sindinatchule. Makontilakita ndi mafolomani amatenga katundu pa ngongole, ati alipira bwana wa nyumba akawapatsa. M'buku ndimalemba ngati ndagulitsa. Ena amalipira pakatha sabata, ena miyezi inayi, ena ukawaimbira foni amati ali ku Lilongwe.

Gogo_wa_Bangwe
Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Wa m'buku la ngongole ndi wa mphepo.

Chemwali_wa_Data
Apa agogo ndi ine tagwirizana. Ndipo mwina dzenje lanu lalikulu ndi limeneli, bambo. Lembani aliyense amene ali ndi ngongole, deti limene anatenga, ndi ndalama yake. Kenako agaweni: osapitirira masiku 30, a pakati pa 30 ndi 60, a pakati pa 60 ndi 90, ndi opitirira 90. Muone kuti ndalama yambiri ili mu gulu liti. Munthu amene wakhala ndi K500,000 yanu miyezi inayi, mitengo ikukwera chonchi, ngakhale adzabweze yonse, adzabweza ndalama yogula katundu wochepa kuposa amene anatenga. Mwamukongoza popanda chiwongoladzanja, pamene inuyo mukafuna ndalama yomweyo mukailipirira.

Kenako pangani chimene ife timachitcha ndondomeko ya masabata 13. Pepala limodzi, sabata iliyonse mzere wake. Pamwamba ndalama imene muli nayo m'manja ndi kubanki Lolemba. Pansi pake imene mukuyembekeza kuti ilowadi sabata imeneyo, osati imene munalonjezedwa ndi folomani wa ku Lilongwe uja. Kenako zotuluka: kuoda, lendi, malipiro, msonkho, fizi ngati imachokera mu shopu. Chotsala chimakhala poyambira sabata yotsatira. Lolemba lililonse mumakonza ndi zimene zachitikadi n'kuonjezera sabata ina kumapeto. Ubwino wake ndi wakuti sabata imene ndalama idzathe mumaiona ikadali kutali, nthawi yokatolera ngongole kapena kuchepetsa oda ikadalipo. Bajeti ya chaka chonse imene mwana wa mlongo wanu uja akunena, kwathu kuno imakalamba msanga. Ife kwacha itagwa mu 2023 tinaitaya ya chaka chimenecho, ndipo kuchokera pamenepo timaikonzanso miyezi itatu iliyonse.

Minibasi_Chirimba
Ine ndili ndi maminibasi awiri, ndipo zolembazi zinandithandiza mwa njira ina. Ndinkangolandira tageti madzulo, osafunsa zambiri. Nditayamba kulemba ndalama zokonzetsera galimoto iliyonse payokha, ndinapeza kuti imene imabweretsa tageti mokhulupirika ndi yomwenso imadya kwambiri ku galaja: mabuleki, mashoko, matayala. Dalaivala wake ankaithamangitsa ndi kudzaza kuti akwanitse tageti msanga, otsalawo akhale ake. Inzake ija, imene ndinkaiona ngati yaulesi, ndiyo inkasiya ndalama chaka chikatha. Zonsezi m'kabuku ka K500, opanda kompyuta.

Mwana_wa_Poly
Koma zimene mwachitazo ndi data analytics yomweyo, bwana. Kungoti mwachitira m'kabuku.

Minibasi_Chirimba
Ndiye ndipatseni digiri yanga.

Wokayika_265
Nonse mukulimbikitsa kulemba chilichonse. Nanga a MRA akabwera n'kupeza zonse zili poyera mu laputopu? Ena timapulumukira kusalemba komweko.

Kalaliki_wa_Manambala
Kusalemba sikubisa munthu, achimwene. Amene mumaoda kwa iwo amatulutsa malisiti a msonkho, katundu wa kunja amalembedwa pa chipata, ndalama zimadutsa kubanki ndi pa foni. Kusiyana kwake n'kwakuti wopanda mabuku akafunsidwa alibe choonetsa, ndipo zimene anawononga poyendetsa bizinesi sangazitsimikize kuti zichotsedwe. Amene analembetsa VAT amachotsa VAT imene analipira pogula katundu, koma pokhapokha ali ndi malisiti oyenera. Pitani ku Msonkho House mukafunse gulu la msonkho limene bizinesi yanu ikugweramo, n'kuika ndalama yake mu ndondomeko ya masabata 13 ija ngati mmene mumaikira lendi.

Chilobwe_Kwathu
Funso kwa achemwali a data. Mukuti tiziyang'ana zaka zapita kuti tidziwe za kutsogolo. Nanga chaka ngati 2023? Malichi wa chaka chimenecho Freddy anatigumulira nyumba kuno ku Chilobwe ndi ku Soche, tinataya abale, shopu yanga inakhala yotseka, ndipo titatsegula anthu ankangofuna mapepala apulasitiki ndi misomali. Kompyuta ikatenga mwezi umenewo idzandiuza kuti Malichi aliyense ndizioda mapulasitiki?

Chemwali_wa_Data
Pepani kwambiri ndi zimene munadutsamo. Ndipo funso lanu ndi la nzeru kuposa ambiri amene ndimamva mu ofesi. Inde, mukaisiya yokha idzatero, chifukwa sidziwa kuti kunali namondwe. N'chifukwa chake pa mzere womaliza muzilemba mawu: "Freddy", "kunalibe mafuta", "magetsi anazima tsiku lonse", "ndinali ku maliro". Powerengera za mwezi wamba, miyezi yoteroyo mumaipatula. Koma musaifufute, chifukwa ndi imene imakuuzani kuchuluka kwa ndalama yapadera imene bizinesi ikufunika kuti ipirire mwezi wathunthu chitseko chili chotseka.

Kwa amene mumaoda kunja, pangani mapepala atatu: zinthu zikakhala mmene zililimu, dola ikakwera ndi 20 peresenti, ndi ikakwera ndi 40. Pa lililonse muone katundu amene mungakwanitse kuoda ndi mtengo umene mungagulitsire. Palibe amene akulosera kuti zichitika liti. Cholinga n'chakuti tsiku limene zidzalengezedwe pa wailesi, mitengo yatsopano idzakhale ili kale m'kabati, m'malo motseka shopu masiku awiri mukuwerengera.

Mpondamatiki_Wamawa
Dola yake iti? Ya pa bolodi la kubanki imene ukaifuna amati dikirani, kapena imene katundu amabwereradi?

Chemwali_wa_Data
Ikani mtengo umene amene amakuodetsani akukutchajani lero, mu makwacha. Umenewo wanyamula kale zonse. Zinazo tisazikambire pa gulu.

Nachisale_Machinjiri
Ndafika mochedwa koma ndawerenga kuyambira pamwamba. Ine geni yanga ndi ya kaunjika, mpamba ndimatenga ku banki mkhonde. Kwathu timabweza ndi 20 peresenti pamwezi. Sindinkaiona ngati yambiri mpaka mwana wanga atandiwerengera kuti K100,000 ndikaisunga miyezi itatu, chiwongoladzanja chokha ndi K60,000. Ndiye belo likachedwa kutha, phindu lonse limapita kumeneko. Chotonthoza n'chakuti pogawana kumapeto kwa chaka ina imabwerera kwa ife tomwe. Pano ndimalemba tsiku lotsegula belo ndi tsiku limene labweza mpamba wake. Mabelo a zovala za ana amabweza msanga, a majekete ndimatenga pokhapokha Meyi akayandikira, chiperoni chisanayambe.

Mwana_wa_Poly
Chenjezo limodzi kwa amene muyambe kulemba mayina a angongole ndi manambala awo a foni. Musamatumize mndandanda umenewo pa magulu a WhatsApp kapena kuupereka kwa aliyense amene wati akuthandizani. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zoterezi. Mukafuna thandizo, fufutani mayina kaye, musiye manambala a ndalama okha. Komanso ubwino wa Google Sheets ndi wakuti foni ikabedwa pa Wenela, zolemba zanu zimakhala zilipobe.

Hadiweya_Limbe
Achemwali a data, mizere ija ndayamba kujambula m'buku latsopano, mwana wa mlongo wanga uja adzailowetsa mu foni Loweruka. Koma ndakakamira pa misomali. Ndimagula pa katoni, ndimagulitsa pa kilogalamu, pena theka, pena munthu amangofuna ya K500. Ndilembe bwanji kuchuluka kwake?

Chemwali_wa_Data
Zonse mu makilogalamu, bambo, ngakhale katoni yomwe. Ya K500 muziyeza pa sikelo n'kulemba kulemera kwake. Katoni ikatha, phatikizani makilogalamu amene mwagulitsa muyerekeze ndi amene analembedwa pa katoniyo. Kusiyana kudzakhalapo ndithu, funso ndi lakuti n'kochuluka bwanji.

Mayi_Zitenje
Nanga basera? Poti kasitomala wa misomali sachoka osanena kuti "ponyanipo iwiri ya pamwamba".

Kalaliki_wa_Manambala
Basera nayenso ali ndi mzere wake, mayi. Dzanja limodzi pa kasitomala aliyense, pofika pansi pa katoni ndi kilogalamu yathunthu kapena kuposa.

Wa_Pa_Kauntala
Ndipo mulembenso kuti waponya baserayo ndi ndani. Kwathu amaponya ndi abwana akaona kasitomala wachizimayi, kudulidwa timadulidwa ndife.